Tafunsani Ankolo: Kutseka nyanja kumathandizadi kapena tikungogona ndi njala?

Makalata a mwezi uno ambiri achokera kwathu kuno ku Mangochi ndipo pafupifupi onse akukamba za nyanja, nde ndasankhapo anayi.

Ankolo, ine ndi mlovi, ndimakoka khoka ku Namiyasi chaka chino ndi cha 9. Mphwanga amene ali ku Joni ananditumizira kavidiyo pa WhatsApp koonetsa asodzi a ku France akuthamangitsa maboti eti amangopatsidwa mphindi 45 basi zoti aphe tinthu tina ta zigoba totchedwa scallop, ndege ikuwayang'anira m'mwamba. Zoona zimenezi kapena ndi zopeka za pa intaneti? Nanga munthu angadyetse ana ndi mphindi 45? Ife kuno akangotitsekera miyezi iwiri njala yake imakhala yosasimbika ndipo chambo chake sitikuchionabe. Mlovi, Namiyasi

Achimwene, kavidiyoko si kabodza. Malowo ndi ku Saint-Brieuc, kumpoto chakumadzulo kwa France, ndipo ndi momwemo ndithu, mphindi 45 pa tsiku, masiku awiri pa sabata, kuyambira cha mu Okutobala mpaka cha mu Epulo, ndegeyo ntchito yake ndi kuona amene waponya chida nthawi isanakwane kapena wachedwa kuvuula. Scallop ndi kanyama ka m'nyanja ya mchere kokhala m'zigoba ziwiri zotsekana, ngati munaonapo chizindikiro cha kampani ya mafuta ya Shell nde chigoba chake n'chimenecho. Kamakhala pansi pa nyanja pamchenga ndi timiyala, amakakokolola ndi chitsulo chamano chokhala ndi thumba la mphete zachitsulo, mphetezo amazikulitsa dala kuti tating'ono tizipulumuka ngati mmene amachitira maso a ukonde, ndipo kosakwana masentimita 10.2 kamabwezedwa m'madzi.

Ana amadya chifukwa pansipo pamakhala podzadza, komanso maboti ololedwa ndi owerengeka, a layisensi okhaokha, masiku enawo ambiri amapha nsomba zina. Inu mukudziwa kuposa ine kuti kutalika kwa nthawi si kumene kumadzadza bwato, kangati mwakoka khoka kuyambira m'bandakucha, anthu mbali iyi ndi iyo, manja matuza okhaokha, n'kutuluka ndowa ziwiri za kambuzi zoti mugawane nonsenu bwana wa khoka atachotsa kale zake.

Koma nkhani imene ine imandigwira mtima ndi ya ku America. Kumeneko scallop inali itatha ndithu kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990, nde mu Disembala 1994 boma linatseka malo atatu akuluakulu a m'nyanja ya mchere cha ku Georges Bank, pafupifupi masikweya kilomita 17,000, cholinga chake chinali kuteteza nsomba zina monga cod ndi haddock osati scallop ayi. Atapita akafukufuku kukayeza patatha zaka zinayi anapeza kuti m'malo otsekedwawo scallop yachuluka pafupifupi ka 14, mu 1999 anatsegulako gawo lina asodzi n'kukavuula zikuluzikulu, ndipo kuyambira 2004 linakhala lamulo loti malo azitsekedwa mosinthana, pamene apezapo tiana tambiri amatseka kwa zaka zingapo, tikakula amatsegula n'kutseka pena. Ndi ugonera wa munda womwe uja, kungoti wa m'madzi. Doko la New Bedford lakhala pa nambala wani ku America konse pa ndalama za usodzi kwa zaka zoposa 20 chifukwa cha kanyama kameneka.

Ndisakunamizeni kuti tingangotengera zonse. Scallop siyenda kutali, pamene waisiya udzaipeza pompo, pamene chambo chimasambira. Komabe chambo chili ndi malo ake odziwika, champhongo chimakumba chisa pamchenga pamadzi osaya, chachikazi chimanyamula mazira ndi tiana m'kamwa n'kukatisiya m'mabango ndi m'zomera za m'mphepete, nde khoka likadutsa pamenepo limafafaniza zisa, kuzula zomera, n'kutenga make ndi ana omwe. Umboni tili nawo pakhomo pompano, ku nyanja ya Malombe kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980 kunkatuluka chambo choposa matani 8,000 pa chaka koma pofika 1992 sichinkakwana ndi matani 1,000 omwe, makoka a kambuzi ndi nkacha atasesa pansi ponse.

Nchifukwa chake ine ndimati miyezi iwiri ija, imene kwa zaka zambiri yakhala kuyambira pa 1 Novembala mpaka pa 31 Disembala pa nyanja yaikulu, ndi yofunika koma payokha siikwanira. Tikatsegula mu Januwale tonse timathamangira pomwe paja pali kasawala, tiana ta chambo. Chimene chikusowa ndi malo oti pasagwe khoka chaka chonse, osankhidwa ndi inu alovi amene mukudziwa pamene chambo chimaswera, osati kujambulidwa pa mapu mu ofesi. Za njala ndakumvani ndipo sindikuzipeputsa, mlovi amalipidwa tsiku limene wakoka, nyanja ikatsekedwa bwana amadya zosunga inu mulibe. Nkhani imeneyi kambiranani ndi bwana wanu nyanja ikadali yotsegula, pa ndalama ya tsiku lililonse pazichotsedwa kenakake kolowa ku banki m'khonde, iye aziikapo gawo lakenso, kuti muzidzagawana pa 1 Novembala.

Ankolo, ndamva kuti scallop ndi yodula kunja, sitingaiwete m'makhola a m'madzi ngati mmene akuwetera chambo? Mnyamata wa Fomu 4, Malindi

Ayi mwana wanga, scallop ndi ya madzi a mchere, mu nyanja yathu ingafe. Ku Japan ndi ku China amaiwetadi koma m'nyanja ya mchere. Ngati uli ndi mtima woweta za m'madzi limbikira sayansi, sukulu ya za usodzi ili konkuno ku Mpwepwe.

Ankolo, ine ndi mayi wa ana anayi, geni yanga ndi ya nsomba, ndimapikula ku dooko n'kukagulitsa ku Limbe. Mwezi watha anandilanda basiketi yonse pa msewu ati munali kasawala, mpamba wonse unathera pomwepo. Koma ine sindipha nsomba, ndimangogula zimene zatuluka, bwanji osakagwira eni makoka? Mayi wa geni, M'baluku

Pepani mayi, kutaya mpamba ndi ana anayi pakhomo ndi chinthu chowawa. Komabe ndikuuzeni zoona, lamulo limati chambo chosakwana masentimita 15 sichiloledwa, ndipo limakhudza wopha ndi wogulitsa yemwe. Kasawala si mtundu wina wa nsomba, ndi mwana wa chambo amene sanaswepo ngakhale kamodzi. Mu 2018 bungwe la IUCN, loona za zachilengedwe pa dziko lonse, linaika mitundu itatu ya chambo m'gulu la zamoyo zotsala pang'ono kutheratu, mtundu umodzi, Oreochromis lidole, akafukufuku atha zaka zambiri asakuuona n'komwe.

Pamene mukunena zoona ndi apa, kulanda pa msewu nsomba itafa kale sikubweza nsomba m'madzi, pogwira penipeni ndi pa dooko pamene ukonde wa maso ang'ono ukutuluka. Koma amayi a geni muli ndi mphamvu imene simuiwerengera, khoka la kasawala limalowa m'madzi chifukwa mwini wake akudziwa kuti m'mawa pali wogula. Dulani kamtengo ka masentimita 15 pa rula ya mwana wanu muziyenda nako mu chikwama, musamagule basiketi yongoona pamwamba, pisani mpaka pansi chifukwa pansipo ndi pamene amabisa. Ndipo mukakhala gulu, amayi khumi pa dooko limodzi mutagwirizana kuti kasawala sitigula, zimamveka kuposa mmodzi. Lowaninso mu BVC, komiti yoyang'anira za usodzi ya pa dooko panu, makomitiwa si a abambo okha.

Ankolo, ine ndili mu BVC kwathu kuno. Timalanda maneti a udzudzu ndi maukonde a monofilament kwa anthu osauka, abale athu omwe, mpaka ena satilankhula. Koma ma trawler, maboti akuluakulu a injini okoka ukonde, amabwera usiku kufupi ndi gombe, kudula matchera athu, m'mawa apita. Anthu akutiuza kuti inu mumangolimbana ndi ife a bwato la mtengo, akuluakulu mumawaopa. Ndiyankhe chiyani? Ndatsala pang'ono kutula pansi udindo. Membala wa BVC, dera la Nankumba

Bambo, musatule kaye. Anthuwo akunena zoona ndipo musawatsutse, palibe angasiye neti ya udzudzu akuona boti la injini likukokolola pamaso pake. Lamulo lilipo, trawler siloledwa kukoka pamadzi osakwana mamita 18 kuya kwake, kapena kufupi ndi gombe kosakwana mailosi imodzi ya pamadzi, pafupifupi makilomita 2, usiku ndi koletsedwanso, ndipo layisensi iliyonse imatchula dera limene botilo lizipha. Ma trawler anayamba kuno kumwera kwa nyanja cha mu 1968 ndipo malire amenewa anaikidwa kuti iwo azipha za pakuya, inu za m'mphepete. Vuto ndi loti inu muli pa gombe ndi tochi, iwo ali pamadzi ndi injini.

Ndibwerere ku scallop ya ku America ija chifukwa pali mbali imene anthu saikamba. Zinatheka chifukwa lamulo linayambira pa maboti akuluakulu. Mu 1994 momwemo anatseka khomo, palibenso layisensi yatsopano ya boti lalikulu, lililonse linapatsidwa masiku owerengeka opita pa nyanja pa chaka, anthu okwera anachepetsedwa mpaka 7 poti scallop amaisenda ndi manja m'boti momwemo nde anthu akachepa zophanso zimachepa, mphete za thumba zinkakulitsidwa pang'onopang'ono mpaka kufika mainchesi 4 mu 2004, ndipo boti lililonse lili ndi kachipangizo ka VMS kamene kamauza boma kudzera pa setilaiti pamene lili usana ndi usiku. Ukalowa malo otsekedwa sipafunika mboni. Ma trawler athu si ambiri poyerekeza ndi mabwato a mtengo masauzande, kuwalondola onse ndi VMS si chinthu chosatheka, chachikulu n'choti zimene kachipangizoko kaonetsa zizifika kwa munthu amene angalande layisensi, ndipo inu a BVC muzimva kuti boti lakuti lalangidwa.

Chinanso chimene ndimachikonda kumeneko, gawo lina la scallop yololedwa kuphedwa pa chaka amalipatula kuti ndalama yake ilipire kafukufuku, asodzi amanyamula akafukufuku m'maboti awo n'kuwerengera limodzi, mwakuti pofika tsiku lotseka malo manambala amakhala owadziwa onse. Ife tili ndi akafukufuku ku Monkey Bay ndi sitima ya Ndunduma, zimene amapeza ziyenera kumawerengedwa pa dooko mu Chichewa ndi Chiyao, mfumu ili pompo.

Koma pali chimene sindingafune kuti titengere. Kutseka khomo kuja kunachititsa kuti layisensi imodzi ya scallop ifike madola mamiliyoni, ambiri n'kuthera m'manja mwa makampani, mwana wa msodzi wamba sangalowemo. Kuno nyanja ndi munda wa aliyense amene chimanga chamukanika, tikatengera osaganiza tingapulumutse chambo n'kupha midzi. Chitsanzo choyenera ife chili pafupi, ku chilumba cha Mbenji ku Salima, kumene kuyambira zaka za m'ma 1950 mafumu a kwa Makanjira wa ku Salima amatseka mu Disembala n'kutsegula mu Epulo, mowa, chamba ndi juga n'zoletsedwa pachilumbapo, wophwanya amathamangitsidwa kaya ndi ndani, ndipo utaka wa kumeneko ukadali wonona. Lamulo la 1997 la za usodzi ndi ma BVC amene anayambira ku Malombe mu 1993 cholinga chake chinali chomwechi, kuti eni nyanja akhale ndi mawu, koma mawu opanda wowathandiza pamadzi amatopetsa ngati mmene mwatoperamu.

Nde chitani izi. Gulani kope limodzi likhale la ma trawler okha. Usiku uliwonse akabwera lembani tsiku, nthawi, malo, dzina kapena nambala ya boti ngati yaoneka, mwini matchera amene adulidwa ndi mtengo wake, mboni ziwiri zisayine, amene ali ndi foni ajambule ngakhale patali. Musawalondole pa bwato usiku, chingwe cha trawler chikhoza kukugubuduzani. Gwirizanani ndi ma BVC oyandikana nawo kuti nawonso azilemba, kopelo lidindidwe ndi a gulupu ndi a T/A, kenako mupite nalo limodzi ku ofesi ya za usodzi pa boma ndi kwa khansala wanu, musiye fotokope, lenilenilo mubwerere nalo, ndipo mufunse tsiku lodzamva yankho. Kwa anthu akwanu aja, itanani msonkhano muwawerengere kopelo mokweza, awone kuti dzina la boti lalikulu lalembedwa m'buku lomwelo ndi dzanja lomwelo limene linalemba neti yawo. Pakatha miyezi itatu mundilemberenso, mundiuze zimene akuyankhani, ndidzazisindikiza pa tsamba lino.