Galu sadzakuuzani kuti watopa

Imelo yanu ndaiwerenga katatu, achemwali. Mwati muli ndi zaka 43, thupi lakula, mukufuna kuyamba kuthamanga kapena kupalasa njinga, ndipo kagalu kanu ka miyezi 7 kakusowetsani mtendere ndi kudumphadumpha, moti mukuganiza zomakathamangitsa pambali pa njinga kuti nonse muzitopa limodzi. Nditafika pa mawu a njingawo ndinatseka kompyuta n'kutuluka panja kaye. Zimenezo ine ndinazichitapo, ndipo galu wanga anatsala pang'ono kufera m'manja mwanga.

Ine chimene chinandiyambitsa kuthamanga ndi mantha. Dokotala atandiyeza anandiuza kuti magazi anga akuthamanga kwambiri ndipo ndikapanda kusintha ndiyamba mankhwala. Kutacha ndinavala nsapato n'kuthamanga mpaka m'kamwa kuwawa. Mawa lake chimodzimodzi. Sabata yachiwiri ndinaona kuti kupuma kwayamba kupepuka, ndiye ndinawonjezera mtunda. Sabata yachitatu misongolo inayamba kubaya, poyamba pothamanga pokha, kenako ngakhale podzuka pabedi. Ndinakhala mwezi wathunthu ndikutsimphina.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti ziwalo za thupi sizizolowera ntchito pa liwiro limodzi. Mtima ndi mapapo zimazolowera msanga, m'masabata ochepa chabe. Mafupa ndi minyewa yolumikiza mnofu ku fupa zimatenga miyezi. Ndiye chifuwa chimakuuza kuti pitiriza, pomwe miyendo sinakonzeke. Anthu ambiri amene amayamba ndi moto n'kusiya pakatha mwezi si aulesi ayi, amavulalira pamenepa.

Njinga ndiyo inandipulumutsa nthawi imeneyo. Ukakhala pachishalo, kulemera kwako kumanyamulidwa ndi njinga, ndipo mawondo ndi misongolo sizimenyeka ngati mmene zimachitira phazi likamagunda pansi. Komabe nayo inandipweteketsa bondo kutsogolo kwake, mpaka munthu wina wozolowera kupalasa atandiimitsa n'kundiuza kuti chishalo changa chatsika kwambiri. Anachikweza mpaka pamene mwendo unkangotsala pang'ono kuwongoka phazi likafika pansi penipeni popalasa. Ululu unatha m'masiku ochepa. Mpaka lero ndikaona munthu akupalasa mawondo akufika pachifuwa, mtima umafuna kumuimitsa.

Galu ndinali naye kale, wamkulu bwino, wazaka ziwiri, waubweya wakuda. Ndikatulutsa njinga ankalira pakhomo. Tsiku lina ndinamumvera chisoni, ndinakulunga chingwe chake ku dzanja logwira handulo, tinanyamuka. Masiku anayi zinayenda. Tsiku lachisanu mphaka anadutsa. Galu anakoka kumanzere, handulo inatembenuka, ndipo ndinagwa chammbali n'kunyuka chigongono ndi ntchafu. Chingwe chinakodwa m'masipoko, galu n'kukokedwa pakhosi mpaka kutsokomola. Chikhala kuti kumbuyo kunkabwera galimoto, bwenzi mukuwerenga za munthu wina.

Ndinaganiza kuti vuto linali chingwe basi, choncho ndinapeza njira yopanda magalimoto ambiri n'kumamumasula kuti azinditsatira yekha. Tsiku limene sindidzaliiwala kunali dzuwa, cha m'ma 2 koloko masana. Ine kutentha sindinakumve kwenikweni, chifukwa pa njinga mphepo imakuwomba n'kuumitsa thukuta. Potsetsereka ndinkangosiya kupalasa, n'kupuma. Galu alibe potsetsereka popumira. Mtunda wonse umene ine ndinkayenda nditakhala, iye ankauthamanga ndi miyendo yake pa phula lotentha. Nditacheuka ndinamuona ali patali, lilime litatuluka lonse, lotambasuka, lofiira moderako, malovu akuyoyoka. Ankadzandira ngati woledzera, koma ankabwerabe. Atandipeza anagwa pamapazi anga, mchira ukugwedezeka pang'ono.

Mchira umenewo umandipwetekabe mumtima.

Ndinamunyamula kupita pamthunzi, ndinamuthira madzi onse amene ndinali nawo, ena ndinapempha. Dokotala wa ziweto amene anamulandira sanandikalipire, anangondifotokozera. Galu satuluka thukuta thupi lonse ngati ife. Timabowo ta thukuta tothandiza tili ku mapazi kokha, ndipo njira yake yeniyeni yoziziritsira thupi ndi kupuma wefuwefu kuja. Kutentha kwa thupi lake akakhala bwino kumakhala pakati pa madigiri 38 ndi 39. Kukapitirira 41, impso, chiwindi ndi ubongo zimayamba kuwonongeka, ndipo ena amafa ngakhale ataziziritsidwa. Kenako anatembenuza mapazi ake n'kundionetsa khungu la kunsi litasendeka. Anathamanga ndi mabala amenewo osalira ngakhale kamodzi.

Ndiye anthu akamandiuza kuti "galu wanga amazikonda, onani mmene akuthamangira," magazi amandiwira. Amakonda inuyo. Amaopa kutsalira. Mnzanu wa munthu akatopa amanena kuti tiime, kapena amangokhala pansi n'kukusiyani. Agalu ambiri amatsatira mwini wake mpaka thupi litakana, ndipo pofika pamene inu mwaona kuti wavutika, zinthu zafika kale patali. Ine ndinafika pomanga mfundo imodzi: munthu amene akungoyamba kumene kupalasa asayende ndi galu pa njinga. Simunadziwe ngakhale mmene mabuleki anu amagwirira pamchenga, ndiye muwonjezerepo nyama yamoyo imene ingakoke mbali iliyonse?

Ndikudziwa kuti ena anena kuti masewera ake alipo. Alipodi. Ku Ulaya kuli canicross, kumene munthu amathamanga galu ali kutsogolo, ndi bikejoring, kumene galu amakoka njinga. Anachokera kwa anthu osunga agalu okoka ngolo za pa chipale chofewa, amene ankafuna kuti agalu awo asafooke nyengo imene chipalecho kulibe. Koma taonani zida zawo. Galu amavala chomangira cha pachifuwa ndi m'mapewa, osati lamba wa pakhosi. Chingwe chake n'chotamuka kuti akakoka mwadzidzidzi wina asagwedezeke msana. Wothamanga amachimanga m'chiuno, manja ali omasuka, ndipo pa njinga pamakhala kandodo koletsa chingwe kugwera m'tayala lakutsogolo. Galuyo amakhala ataphunzitsidwa miyezi kumva "kumanja," "kumanzere," "ima." Amachitira m'tinjira ta dothi, kukuzizira. Zimenezo n'zosiyana kutalitali ndi chingwe chokulunga padzanja chimene ine ndinachita.

Pali chinanso chimene chimativulaza, ife ndi agalu omwe, ndicho kufuna kuonetsa. Masiku ano munthu akathamanga amaika mapu ndi makilomita pa Facebook kapena Strava, ndipo woyamba kumene akaona zimenezo amachita manyazi ndi mphindi 20 zake. Chonsecho bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limangopempha munthu wamkulu mphindi 150 mpaka 300 pa sabata za kulimbitsa thupi kwapakatikati, kapena 75 mpaka 150 za kwamphamvu. Kuyenda ndawala kumawerengedwa. Mphindi 30 masiku asanu, mwakwanitsa. Ngakhale parkrun, imene imasonkhanitsa anthu kuti athamange limodzi sabata iliyonse ndipo lero ili m'mayiko ambiri, inayamba mu 2004 ku Bushy Park mu London ndi othamanga 13 okha pa makilomita 5, ndipo oyenda pansi amalandiridwa. Ine ndinavulala chifukwa ndinkaona ngati kuyenda n'kugonja.

Za kagalu kanuko

Miyezi 7 ndi mwana. Kumapeto kwa mafupa ake aatali kudakali kofewa chifukwa n'kumene fupa limakulira, ndipo kumalimba akafika pafupifupi chaka, agalu a mitundu ikuluikulu mpaka miyezi 18 kapena kupitirira. Kumuthamangitsa mtunda wautali pa liwiro lanu nthawi imeneyi kungamusiyire vuto la m'malo olumikizira mafupa. Kusewera kwake n'kosiyana, chifukwa akatopa amagona yekha. Mphamvu zimene zikukusowetsani mtenderezo zimachepa kwambiri mukamulola kununkhiza poyenda ndi kumuphunzitsa kukhala, kudikira ndi kuyenda pambali panu osakoka. Maphunziro omwewo ndi amene mudzawafune tsiku lodzathamanga naye. Simunandiuze mtundu wake. Ngati ndi wa mphuno yaifupi monga pug kapena bulldog, za kuthamanga naye muziiwale, chifukwa agalu amenewo amavutika kupuma ngakhale poyenda chabe kukatentha.

Wanga uja anachira, ndipo tinathamanga limodzi zaka zina zisanu, wapansi tonse, m'mamawa dzuwa lisanakwere. Ndinazolowera kuika kumbuyo kwa dzanja pa msewu tisananyamuke. Ndikalephera kupirira kutentha kwake masekondi asanu, iye amatsala. Akangodya sitinkathamanga mpaka patadutsa maola awiri, chifukwa agalu akuluakulu a chifuwa chakuya mimba imatha kupotokola, ndipo zimenezo zimapha m'maola ochepa. Njinga ndinkapalasa ndekha, iye akulira pakhomo, ndipo ndinaphunzira kupirira kulirako.

Inuyo achemwali, kayezetseni kaye kuthamanga kwa magazi, kagalu kabayitseni katemera wa chiwewe ndi ena onse. Muziyenda naye ndawala tsiku lililonse. Njinga muzipalasa nokha kawiri pa sabata, chipewa cholimba chili kumutu, pa liwiro loti mukhoza kulankhula. Mukafuna kuthamanga, tsatirani ndondomeko ya Couch to 5K imene Josh Clark anakonza mu 1996: katatu pa sabata kwa masabata 9, kuyamba ndi kuthamanga masekondi 60 n'kuyenda 90. Sabata ikakulemerani, ibwerezeni. Pofika nthawi imene mafupa a kagaluko alimba, inu mudzakhala mutazolowera, ndipo mudzamuyambitse ndi masekondi 60 omwewo. Mundilembere mtundu wake ndi kulemera kwake.