Kodi kutsata Astoiki ndi kungomeza zilizonse?

Mmodzi wa owerenga wandilembera imelo. Akuti bwana wake amamukalipira pamaso pa anzake, ndipo pa TikTok wakhala akuonera timavidiyo tonena kuti mwamuna wotsata nzeru za Astoiki sakwiya, salira, amangoti duu. Funso lake: "Ndiye ndizingomeza basi?"

Ayi achimwene, timavidiyoto takusokeretsani.

Chiphunzitso cha Astoiki anachiyamba ndi Zeno wa ku Citium, pa chilumba cha Cyprus, yemwe ankaphunzitsa pa khonde lina pamsika wa Athens cha m'ma 300 Yesu asanabadwe. Amene mumawerenga Baibulo munakumana nawo kale anthuwa: pa Machitidwe 17:18 ndi iwo, pamodzi ndi Aepikureya, amene akutsutsana ndi mtumwi Paulo.

Koma pa vuto lanuli ndikulozerani kwa Epictetus. Iyeyu anali kapolo ku Rome, wotsimphina mwendo, ndipo mbuye wake Epaphroditus anali mlembi wa mfumu Nero. Za kukalipiridwa ankazidziwa kuposa inu ndi ine. Atamasulidwa anayamba kuphunzitsa, mpaka mfumu Domitian inathamangitsa aphunzitsi a nzeru zakuya mumzindawo, iye n'kukatsegula sukulu ku Nicopolis, m'dziko la Greece. Phata la chiphunzitso chake n'lakuti zinthu zili pawiri, zina zili m'manja mwako, zina ayi. Pakamwa pa bwana si panu. Zimene anzanu akunong'onezana pa tiyi si zanu. Zanu ndi momwe mukuiweruzira nkhaniyo ndiponso chimene muchite.

Apa ndiye anthu amaphonya. Astoiki sankati thupi lisamve kanthu. Bwana akakweza mawu, mtima uja ugunda ndithu, m'manja mutuluka thukuta, ndipo iwo ankati zimenezi zimadza zokha ngakhale kwa munthu wanzeru. Ntchito yanu imayambira pa ganizo lobwera pambuyo pake, lija lakuti "wandichotsa ulemu, ndine wachabechabe." Ligwireni, mulifunse ngati likunena zoona. Mwina lipoti linachedwadi, likonzeni. Zakuti ndinu wachabechabe wanena ndani?

Seneca, Mstoiki wina wa ku Rome, ankati usiku nyale ikazimitsidwa, mkazi wake n'kukhala chete, iye ankalisanthula tsiku lonse, pomwe anapsa mtima ndi pomwe analankhula mopyola. Yesani zimenezo musanagone, foni ili patali. (Seneca yemweyu anali mpondamatiki wotamanda moyo wosalira zambiri, choncho ine ndimamumvera ndi khutu limodzi.) Marcus Aurelius, Mstoiki amene analamulira Rome kuyambira chaka cha 161 mpaka 180 Yesu atabadwa, ankadzikumbutsa m'mamawa kuti lero akumana ndi anthu amwano ndi osayamika, komabe ndi abale ake, ayenera kugwira nawo ntchito. Mungachite chimodzimodzi muli m'minibasi.

Tsono za kumeza. Mwa makhalidwe anayi amene Astoiki ankawaika patsogolo, pambali pa nzeru ndi kudziletsa, pali chilungamo ndi kulimba mtima. Helvidius Priscus, phungu wa ku Rome, atauzidwa ndi mfumu Vespasian kuti akhale chete m'nyumba ya malamulo, anakana, ndipo pamapeto pake anaphedwa. Epictetus ankamutchula ngati chitsanzo chabwino.

Inu simukufunika kufika pamenepo. Dikirani mtima utsike, mugogode pa ofesi ya bwanayo ali yekha, muwauze mwaulemu kuti mukalakwa azikudzudzulirani pambali. Zikapitirira, muzilemba tsiku ndi mawu amene anenedwa, mukatule nkhaniyi kwa oyang'anira antchito kapena ku bungwe lanu la apantchito.