Nyimbo zokalipa za ku Belfast: musafulumire kuzigamula

Inu abale amene mwangofika kumene ku Northern Ireland, makamaka anzanga osamalira okalamba ndi odwala, tsiku lina mnzanu wa kuntchito wa imvi zake adzakweza wailesi m'galimoto, magitala n'kuyamba kulira mokalipa, woimba akukuwa ngati wayambana ndi mzinda wonse. Imeneyo ndi punk. Ambiri mwa ife timangoti ndi phokoso la zidakwa, ena amaopa kuti ndi nyimbo za chipani. Onsewa amaphonya.

Kuyambira 1969 mpaka pangano la mtendere la mu 1998, kuno kunali mkangano umene eni ake amautchula kuti the Troubles, ndipo unapha anthu oposa 3,500. Mbali ina, ambiri Akatolika, inkafuna kuphatikizana ndi dziko la Ireland. Inayo, ambiri Apulotesitanti, inkafuna kukhalabe mu United Kingdom. Pakati pa Belfast panali zipata zachitsulo, wolowa aliyense ankasechedwa, ndipo kukada m'tauni munkangoti zii.

Achinyamata amene anakulira mmenemo ndi amene anaimba nyimbozi. Mukamvetsera Alternative Ulster ya gulu la Stiff Little Fingers, ya mu 1978, mupeza kuti dandaulo lalikulu ndi la mnyamata wosowa kopita ndi chochita, wotopa ndi asilikali ndi apolisi pamsewu. Wasted Life, ya m'chimbale chawo cha mu 1979, ikukana magulu a zida amene ankakopa anyamata kuti akawafere. Mkwiyo umene mukuumvawo ukugwera mbali zonse ziwiri.

Ife Amalawi makutu athu anaphunzira kusaka tanthauzo lobisika, poti m'nthawi ya Kamuzu bungwe la Censorship Board linkasefa nyimbo, ndiye woimba wochenjera ankaphiphiritsa. Punk siizungulira choncho, imanena mosapsatira. Ntchito yanu ndi kudziwa amene akunenedwa. Mukamva RUC, ndi apolisi a nthawiyo, amene mu 2001 analowedwa m'malo ndi apolisi atsopano otchedwa PSNI. Chenjeraninso ndi kunyodola, chifukwa anthu a kuno amatha kuyamikira chinthu ndi nkhope yowuma pamene akuchinyoza.

Koma ine amene amandigwira mtima ndi anyamata a The Undertones a ku Derry. Mzinda wawo unaona zoopsa, chikhalirecho iwo anasankha kuimba za atsikana ndi chibwana chaunyamata. Nyimbo yawo Teenage Kicks inatuluka mu 1978 kudzera kwa Terri Hooley, mwini kampani yotulutsa nyimbo ya Good Vibrations, ndipo John Peel, muulutsi wa pawailesi ya BBC, anaikonda mpaka mawu ena a nyimboyo analembedwa pamanda ake. Wina anganene kuti anathawa nkhani. Ine ndimati kukakamira unyamata wako pamene aliyense akufuna kukusandutsa msilikali wake ndiko kulimba mtima kwenikweni. Nawonso a Stiff Little Fingers ankanenedwa kuti akudyera pamavuto a anthu, poti mawu ena ankalemba ndi mtolankhani Gordon Ogilvie. Mkangano umenewo achikulire ena akadali nawo, inu ingomvetserani.

Mukafuna kucheza ndi mnzanu uja, mufunseni kumene ankapita kukaonera magulu amenewa. Akatchula Harp Bar, dziwani kuti akunena malo amene ana a Akatolika ndi a Apulotesitanti ankavinira pamodzi pamene kunja sakanayerekeza. Funso lakuti amapemphera kuti, limene kwathu ndi moni chabe, kuno limezeni.

Nyimbo zoyenera kusamala nazo ndi zina: zoimbidwa m'mabala pa mpira wa matimu a ku Scotland a Celtic ndi Rangers, ndi za m'maperete a Apulotesitanti a pa 12 July. Zambiri mwa zimenezo zili ndi mbali, ndipo kuziyimbira limodzi poti zikukoma kungakuikeni m'gulu limene simunalisankhe. Ngakhale dzina la mzinda wa The Undertones lili ndi mbali: ena amati Derry, ena Londonderry. Dikirani mwini nyumba atchule kaye, inu mutsatire.