FUNSANI AZAKHALI: Ndikaphunzitse ulele pomwe m'thumba mulibe kanthu?

Zakhali, ndine mtsikana wa zaka 21, kwathu ndi ku Limbuli ku Mulanje koma ndili chaka chachiwiri ku yunivesite ya MUST kuno ku Thyolo. Anzanga ena anayamba kumapita Loweruka lililonse pa CDSS ina cha ku Goliati kukathandiza ana a fomu 4 masamu ndi fizikisi, ulele, ndiye akuti ndilowe nawo. Mtima ukufuna koma mayi nditawauza pa foni anangoti "ndinakutumiza ku sukulu kapena kukagwira ntchito yopanda malipiro?" Komanso zoona zake ndalama ya loni imandithera mwezi uli pakati, mwina bola ndizigulitsa kaunjika ku hosteli. Zodziperekazi zili ndi phindu kapena nkutaya nthawi?

Wothedwa nzeru, Goliati

Mwananga, choyamba mayi akowo usawaone ngati sadziwa kanthu ayi. Munthu amene waona anthu akuthyola tiyi moyo wake onse amadziwa kuti dengu limakwera pa sikelo ndipo kilo iliyonse ili ndi mtengo wake, ndiye ukamuuza za thukuta lopanda malipiro mutu umamuzungulira. Koma ine ndikuti pita ukaphunzitse.

Tsiku lomwe uzavale gauni uzatuluka ndi anzako ambirimbiri pepala lake lofanana, kuonjezera apo a ku MUBAS, a ku Chanco, a ku Mzuni, nonse kukakumana pa vakansi imodzi yomwe pansi pake alembapo kuti akufuna wa ekisipiriyensi ya zaka ziwiri, ndiye iwe zaka ziwirizo uzazitenga kuti poti unali mkalasi? Pa CV pako pazangokhala dzina, digiri ndi "ndimakonda kuwerenga". Pomwe ukapita ku CDSS kuja uzakhala ndi ahedi amene anakuona ndi maso awo ukufika 8 koloko mvula ikugwa, ndipo bwana wina akazawaimbira foni sazayankha zongopeka. Ma lecturer ako amadziwa magiredi ako basi, zoti umasunga nthawi kapena umatha kuima kutsogolo kwa anyamata aphokoso a kumbuyo osanjenjemera sakuzidziwa.

Ndikuuze zomwe ndinaona ndekha. Namondwe wa Freddy atagwa mu March 2023, iwe ukudziwa bwino momwe zinalili kwanuko cha ku Muloza, masukulu ambiri anasanduka makampu. Pa kampu ina pamene ndinkathandiza nawo panali kamtsikana ka ku koleji, kanabwera ndi hadikava imodzi ndi cholembera chomangirira ku chingwe kuti chisasowe. Ntchito yake inali kulemba maina basi, banja ili anthu angati, lalandira ufa, ndowa, bulangete kapena ayi. Tsiku lachitatu anthu atayamba kukanganirana kuti ena alandira kawiri, mafumu ndi akuluakulu onse amene anabwera pa magalimoto anayamba kufunsa kuti "ali kuti mtsikana wa buku uja?" Sanalandire ngakhale 1 tambala koma pochoka anali ndi manambala a foni a anthu omwe iwe ndi ine tikanakhala pa benchi tsiku lonse kudikira kuti tiwaone. Akulu anati kupatsa nkuika.

China chomwe anzako mwina sanakuuze, masamu amakhazikika m'mutu ukamawafotokozera wina. Mwana wa fomu 4 akakufunsa kuti "madamu, nanga x uja wapita kuti?" mpamene umazindikira kuti nawenso unangoloweza.

Koma tamvera. MUST inatsegulidwa 2014 pa Ndata pompo ndipo anthu amalimbirana malo amenewo, ndiye usapite kukapulumutsa ana a eni ku MSCE iwe nkuwidedwa (kuchotsedwa sukulu chifukwa cholephera mayeso), zimenezo mayi ako sazakukhululukira ndipo inenso ndizakhala mbali yawo. Loweruka kum'mawa maola awiri kapena atatu akwana, mayeso akayandikira uwauze ahedi poyera kuti masabata awa sindibwera. Ndipo usankhe chimodzi. Ndawaona ana ena, lero ali ku Red Cross, mawa ku kwaya, mkuja kobzala mkungudza m'phiri la Mulanje, pofika kumapeto kwa semesita masapu (mayeso obwereza) atatu, ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Za mkungudza zisungire holide ukakhala kwanu.

Uchenjerenso ndi tima bungwe tina tomwe timatchula mawu oti "volontiya" pofuna antchito aulele, kukutuma mpaka ku Bvumbwe kapena Luchenza thiransipoti ya m'thumba mwako pomwe iwo alandira alawansi. Ngati ukuchotsa ndalama ya chakudya kulipira kabaza, zisiye. Ubwino wa CDSS yakoyo ndi woti ili pafupi ndipo mumapita gulu.

Za kaunjika sindikukuletsa, gulitsa madzulo, sizikulimbana ndi Loweruka m'mawa. Teremu ikatha uwapemphe ahedi kalata ya sitampa yonena zomwe wakhala ukuchita ndi masiku ake, usadikire mpaka uzamalize sukulu poti aphunzitsi amasamutsidwa. Uyijambule pa foni, ina ukawaonetse mayi ku Limbuli, ndipo popita uwatengereko ka shuga ka phindu la kaunjika uja.

Azakhali