Parkash Singh Badal analamulira Punjab kasanu, nanga anagwa bwanji?

Wowerenga wina wa ku Zomba wanditumizira imelo. Akuti anawerenga kuti ku India kunali gogo wa zaka 94 amene anapikisana pa chisankho cha 2022 n'kugonja kwawo komwe, atakhalapo nduna yaikulu kasanu. Funso lawo ndi lakuti: munthu wotere anthu amamutaya bwanji, ndipo anali mtsogoleri wabwino kapena ankangodyetsa abale ake?

Achimwene, munthu mukunenayo ndi Parkash Singh Badal, Msikh (wotsatira chipembedzo cha Asikh, chomwe chinayambira ku Punjab) amene anabadwa pa 8 Disembala 1927 ndipo anamwalira pa 25 Epulo 2023. India ili ndi zigawo zomwe zili ndi maboma awoawo, nyumba yake ya malamulo ndi nduna yaikulu yake. Punjab ndi chimodzi mwa zigawozi, kumalire ndi Pakistan, ndipo ndi chigawo chokhacho kumene Asikh ndi ochuluka kuposa ena, pafupifupi 58 pa anthu 100 alionse. Ambiri otsalawo ndi Ahindu. Sungani nambala imeneyi m'mutu, chifukwa ndale zonse za Badal zinazungulira pamenepa.

Anayambira pansi ndithu. Mu 1947 anakhala mkulu wa khonsolo ya mudzi wa Badal, ndipo mu 1957 analowa m'nyumba ya malamulo ya Punjab. Mu 1970, ali ndi zaka 42, anakhala nduna yaikulu koyamba kudzera m'chipani cha Shiromani Akali Dal, koma boma lakelo linangokhala chaka ndi miyezi yochepa. Lachiwiri, la 1977 mpaka 1980, nalonso silinamalize nthawi yake. Pakati apo analawa ndende pomwe Indira Gandhi, nduna yaikulu ya dziko lonse la India nthawiyo, anaimitsa maufulu a anthu kuyambira 1975, chifukwa chipani chake chinali pakati pa zipani zomwe zinakana poyera.

Chipani cha Akali Dal sichinabadwe ngati zipani zina. Chinayamba mu 1920 pomenyera kuti Asikh aziyendetsa okha nyumba zawo zopemphereramo. Choncho kuyambira pachiyambi chipembedzo ndi ndale zinali m'thumba limodzi. M'zaka za m'ma 1980 zimenezi zinafika poipa. Anthu ena anatenga mfuti kufuna dziko la Asikh lokha lotchedwa Khalistan. Mu June 1984 asilikali a India analowa mu Golden Temple ku Amritsar, malo opatulika kwambiri a Asikh. Mu Okutobala chaka chomwecho Indira Gandhi anaphedwa ndi omulondera ake awiri a Chisikh, ndipo Asikh zikwizikwi anaphedwa ku Delhi ndi m'mizinda ina pobwezera. Punjab inakhala m'magazi zaka zoposa khumi.

Apa ndi pomwe ine ndimamupatsa ulemu Badal, ndipo sindichita manyazi kutero. Atatenga utsogoleri wa chipani mu 1995, anachitembenuza. Pa msonkhano wa ku Moga mu 1996 chipanicho chinalengeza kuti ndi cha anthu onse a ku Punjab, osati Asikh okha. Kenako anagwirizana ndi BJP, chipani chomwe chimadalira mavoti a Ahindu a m'matauni. Ambiri anamunena kuti wagulitsa mtundu. Koma masamu ake anali olondola: alimi a Chisikh m'midzi kuphatikiza amalonda a Chihindu m'matauni, ndiye boma limenelo. Chofunika kuposa masamuwo n'chakuti anthu omwe ankaopana dzulo anayamba kuimirira pa nsanja imodzi. Mu 1997 anapambana, ndipo kwa nthawi yoyamba anamaliza zaka zisanu. Anabwereranso mu 2007, n'kupambananso mu 2012.

Mphatso yake yaikulu kwa alimi inali magetsi aulere oyendetsera mapampu othirira, kuyambira 1997. Inu amene mukudziwa mmene feteleza wotsika mtengo amasinthira mavoti kwathu kuno, mumvetsa msanga. Mlimi wa tirigu ndi mpunga anasangalala. Koma mpunga umamwa madzi kwambiri, ndipo pampu ikamayenda popanda bilu palibe amene amaizimitsa msanga. Madzi a pansi pa nthaka akhala akutsika chaka ndi chaka m'madera ambiri a Punjab, ndipo boma likusenza ngongole yaikulu. Ndikuona kuti apa anathandiza mlimi wa lero n'kubera mdzukulu wake. Mu 2007 anayambanso kugulitsa ufa wa tirigu ndi nyemba kwa osauka pa mtengo wotsika. Ankakondanso kukhala pansi m'midzi kumva madandaulo a anthu n'kupereka ndalama za chitukuko pomwepo, ndipo akuluakulu a kumudzi ankamukonda nazo kwambiri.

Tsono za abale zija. Simunamve zabodza. Mwana wake Sukhbir Singh Badal anatenga utsogoleri wa chipani mu 2008 n'kukhala wachiwiri kwa nduna yaikulu mu 2009. Mkazi wa Sukhbir, Harsimrat Kaur Badal, anakhala nduna m'boma la dziko lonse la Narendra Modi wa BJP kuyambira 2014. Mchimwene wa Harsimrat, Bikram Singh Majithia, anali nduna ku Punjab. Mkamwini wa Badal, Adesh Partap Singh Kairon, nayenso anali nduna. Mwana wa mng'ono wake wa Badal, Manpreet Singh Badal, anali nduna ya zachuma mpaka anachotsedwa mu 2010 atasemphana ndi banjali. Chipani chomwe anthu wamba anachimanga ndi kumangidwa ndi kumenyedwa chinasanduka munda wa banja limodzi.

Komabe sindikhulupirira kuti zimenezi zokha zikanamugwetsa, chifukwa anthu ankazidziwa mu 2012 ndipo anamuvoterabe. Chomwe chinathyola msana ndi 2015. Mu Seputembala, Akal Takht, mpando waukulu wa chipembedzo cha Asikh, unakhululukira Gurmeet Ram Rahim Singh, mtsogoleri wa gulu lina lachipembedzo la Dera Sacha Sauda, amene Asikh ankamuimba mlandu wonyoza chipembedzo chawo mu 2007. Munthuyu anali ndi omutsatira ambiri, ndiye kuti mavoti ambiri, ndipo Asikh anaona kuti a Badal ndi amene akankha atsogoleri a chipembedzo kuti achite zimenezi. Mu Okutobala masamba ong'ambidwa a Guru Granth Sahib, buku lopatulika lomwe Asikh amalilemekeza ngati mphunzitsi wamoyo, anapezeka atamwazidwa m'mudzi wa Bargari. Anthu atachita zionetsero, apolisi anawombera ku Behbal Kalan n'kupha awiri. Zinachitika pansi pa boma la chipani chomwe chinabadwira kuteteza chipembedzocho. Asikh ambiri sanakhululuke, ndipo ine sindiwadzudzula.

Mu 2017 Akali Dal inangopeza mipando 15 mwa 117. Mu 2020, boma la Modi litabweretsa malamulo atatu a zaulimi omwe alimi anawakana, chipanicho chinayamba chawaikira kumbuyo, kenako chinabwerera. Harsimrat anatula pansi udindo, mgwirizano ndi BJP unatha, ndipo Badal anabweza mendulo yaulemu ya boma la India ya Padma Vibhushan yomwe analandira mu 2015. Alimi anaona kuti zabwera mochedwa. Mu 2022 chipanicho chinatsala ndi mipando 3, pomwe Aam Aadmi Party ya Bhagwant Mann inatenga 92. Badal anagonja ku Lambi, dera la kwawo, ndi mavoti oposa 11,000 kwa Gurmeet Singh Khudian wa Aam Aadmi Party.

Nkhani ya 2015 inamutsatira ngakhale kumanda. Pa 2 Disembala 2024 Akal Takht inamulanda ulemu wa Fakhr-e-Qaum, kutanthauza munthu amene mtundu umanyadira, womwe inamupatsa mu 2011, ndipo inalamula Sukhbir kuti agwire ntchito ya ulonda pa khomo la Golden Temple ndi kutsuka mbale ngati chilango. Koma magetsi aulere aja palibe amene akufuna kuwagwira. Boma la Mann linawasiya kwa alimi momwemo, ndipo mu 2022 linawonjezera mayunitsi 300 aulere pa mwezi ku nyumba za anthu.