Kodi anthu ochokera kumidzi ndiwo akudzaza mizinda yathu?

Mmodzi mwa owerenga, amene amakhala ku Ndirande, anditumizira imelo yofunsa ngati kafukufuku akugwirizana ndi zimene anthu amakamba, zoti kuthithikana kwa nyumba ku Ndirande ndi ku Mtandire kwadza chifukwa cha anthu othawa khasu kumidzi, komanso ngati sichingakhale chanzeru kuti boma liwabweze kwawo.

Zikomo kwambiri chifukwa cha funso lanu. Yankho langa ndi lakuti ziwerengero sizikuvomereza zimenezi. Kalembera wa 1998 anapeza kuti Amalawi pafupifupi 14 pa 100 aliwonse ankakhala m'matauni, wa 2008 anapeza 15, ndipo wa 2018 anapeza 16. M'zaka 20 zomwezo, chiwerengero cha dziko lonse chinakwera kuchoka pa 9.9 miliyoni kufika pa 17.6 miliyoni, kutanthauza kuti mizinda yakula pa liwiro longoposa pang'ono la dziko lonse, ndipo gawo lalikulu la kukulako ndi ana obadwira m'tauni momwemo. Komabe, tiyenera kusamala ndi ziwerengerozi, chifukwa kalembera amatsata malire a mzinda, kotero ambiri amene anamanga kunja kwa malirewo, monga kwa Njewa ku Lilongwe, amawerengedwa ngati akumudzi ngakhale kuti amalawirira m'tauni tsiku lililonse.

Chimene chimaiwalika n'chakuti kusamuka kwambiri m'dziko muno kwakhala kochoka kumudzi kupita kumudzi wina. Mabanja osowa malo akumwera akhala akupita kukakhala matenanti m'maesiteti a fodya ku Kasungu, Mchinji ndi Mzimba, ndipo ntchito ya Kudzigulira Malo, yomwe inayamba mu 2004, inasamutsa mabanja pafupifupi 15,000, ena mwa iwo ochokera ku Thyolo ndi Mulanje kupita ku Machinga ndi Mangochi. Anthu amenewa sanathawe khasu, koma anasowa polima.

Nanga amene amabweradi m'tauni amabwereranji pamene ntchito kulibe? Mu 1970, akatswiri a zachuma John Harris ndi Michael Todaro, atafufuza za kum'mawa kwa Africa, anafotokoza kuti munthu sasamuka chifukwa choti ntchito ikumudikira, koma amayerekeza zimene amapeza kumudzi ndi zimene akuyembekeza kupeza m'tauni, poganiziranso mwayi woti alembedwe ntchito. Mnyamata wa munda wosakwana ekala, amene chimanga chimamuthera Disembala asanafike, akasankha kupalasa kabaza kapena kuchita geni ku Limbe, amakhala atawerengera bwino lomwe. Harri Englund, katswiri wa za chikhalidwe cha anthu amene anachita kafukufuku kwa Chinsapo ku Lilongwe, anaonetsa mu 2002 kuti ambiri mwa osamukawa sataya kwawo, popeza amasungabe minda ndipo amaona tauni ngati malo opezerako ndalama zotukulira pakhomo kumudzi. Mfundo imeneyi ndimaiona yofunika koposa, chifukwa ndalama za feteleza ndi za sukulu m'midzi yambiri zimachokera kwa anthu omwewa amene tikufuna kuwabweza.

Ku Zambia anthu anabwereradi kumidzi popanda wowathamangitsa. Migodi ya kopa italowa pansi, gawo la anthu okhala m'matauni linatsika kuchoka pa 40 pa 100 aliwonse mu 1980 kufika pa 35 mu 2000, monga anafotokozera Deborah Potts, katswiri wa za mizinda ya mu Africa, ndipo chimenechi chinali chizindikiro cha umphawi, osati cha chitukuko.

Kuthithikana kumene mukukuona ku Ndirande n'koona, koma gwero lake ndi kuchepa kwa mapuloti okonzedwa bwino, misewu, madzi ndi ntchito za m'mafakitale. Masomphenya a Malawi 2063 anaika kukula kwa mizinda ngati umodzi mwa mizati yake itatu, ndipo pali dongosolo lotukula matauni monga Karonga, Kasungu, Liwonde ndi Luchenza kuti anthu asamangothamangira ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Ndikugwirizana nalo dongosololi, pokhapokha makhonsolo ayambe kudula mapuloti ndi kulambula misewu anthu asanamange, chifukwa kulowetsa mapaipi a madzi pamalo podzaza kale nyumba kumadya ndalama zambiri ndipo kumafuna kugwetsa nyumba za anthu osauka.