Kodi mafumu a Roma anali opusa podalira anthu amene anawapha?

Mmodzi wa inu, mphunzitsi wa mbiri yakale kusekondale, wanditumizira imelo ndi funso lalifupi. Akuti pakati pa zaka za 235 ndi 284 mafumu a Roma ankaphedwa ndi akuluakulu awo omwe, nanga bwanji sankatengerapo phunziro, kodi anali opusa? Aphunzitsi, funso lanuli landikhudza pamene pali bala, ndiye mundilole nditambasule.

Sanali opusa ayi. Adani anali ku mtsinje wa Rhine, ku Danube, komanso kum'mawa kumene Shapur I wa ku Persia sankagona. Mfumu ikakhala ku Danube, asilikali a ku Rhine ankadziona ngati otayidwa, n'kulonga mkulu wawo ufumu. Mkulu wankhondo Postumus anatenga Gaul, dera limene lero kuli France, motero mu 260, chaka chimene Shapur anagwira mfumu Valerian yamoyo pafupi ndi Edessa. Mutu umodzi susenza denga. Mfumu inkayenera kupatsa wina asilikali, chakudya chawo ndi malipiro awo, ndipo wogwira zitatuzi anali atagwiranso moyo wa mfumuyo.

Koma chimene chandisowetsa tulo si chimenecho. Kale ndinagwirapo ntchito ya ulembi mu ofesi ina, pansi pa bwana wachilungamo amene sankaba ngakhale tambala, koma sankadziwa kukhululuka. Ukalakwitsa nambala imodzi, ankakudzudzula pamaso pa anzako onse, mpaka otumikira tiyi ankayang'ana pansi. Tinkamulemekeza, inde, koma m'mawa uliwonse tinkalowa pachipata mtima uli m'mwamba. Tsiku lina mnzathu wosunga mabuku a ndalama anasokoneza mawerengero. Sanabe, anangosokoneza. M'malo mokaulula, anayamba kunong'oneza anthu mmodzimmodzi kuti waona pepala patebulo la bwana lokhala ndi mayina a anthu oti achotsedwe. Pepalalo kunalibe. Koma aliyense anakhulupirira, chifukwa aliyense ankadziwa kuti bwana angathedi kutero. Kalata yodandaula inapita kulikulu, ine ndinakana kusaina, ndipo kwa nthawi yaitali ndinkadya nkhomaliro ndekha. Bwanayo anasamutsidwa. Mpaka lero ndikakumana ndi mnzathu uja timapatsana moni, koma mtima umawawabe, ndipo umawawira onse awiri.

Choncho ndikamawerenga za Aurelian sindiwerenga ngati nkhani yakutali. Munthuyu analamulira kuyambira 270 mpaka 275, anagonjetsa Zenobia wa ku Palmyra mu 272, anabweza Gaul mu 274, anamangira Roma linga limene lilipobe. Olemba akale amati mlembi wake, poopa chilango pa kanthu kena, anapeka mndandanda wa akuluakulu a nkhondo oti aphedwe n'kuwaonetsa. Iwo anapha Aurelian ku Thrace ali pa ulendo wa kum'mawa. Amene anapulumutsa ufumu wonse anafa chifukwa anthu ake sanakayike kuti angawaphedi.

Apa ndiye ndikukana zimene ambiri amaphunzitsa, zoti zonsezi zinali dyera. Dyera linalipo, koma mantha anapha mafumu ambiri kuposa dyera. Mkulu wankhondo akapambana, mfumu inkamukayikira. Akagonja, ankayembekezera imfa. Asilikali ake akamufuulira kuti ndiwe mfumu, kukana kunali kufa, kuvomera kunalinso kufa koma mochedwerako. Onjezani ndalama zosagula kanthu: khobidi la antoninianus pofika masiku a mfumu Gallienus linali ndi siliva wosakwana magawo asanu pa 100. Onjezaninso mliri umene unasesa mizinda cha m'ma 250. Msilikali wanjala safunsa kuti mfumu yoyenera ndi iti.

Ndipo si onse amene anali achiwembu, izi zimandipweteka zikamaiwalika. Gordian III analowa ufumu mu 238 ali ndi zaka 13. Timesitheus, mkulu wa asilikali olondera mfumu, ndiye anayendetsa dziko, anapatsa Gordian mwana wake wamkazi kuti amukwatire, ndipo sanalande mpando ngakhale akanatha. Timesitheus atamwalira mu 243, udindowo unapita kwa Philip, ndipo mu 244 Gordian anali atafa ku Mesopotamia, Philip ali mfumu. Aperisiya analemba kuti mnyamatayo anafera kunkhondo, olemba ena achiroma analoza chala Philip. Udindo womwewo, anthu awiri osiyana kotheratu.

Nanga ana muwauze chiyani?

Musawaloweze mayina, ndi ambiri. Jambulani mapu, onetsani malire atatu aja, muwafunse kuti mfumu imodzi iime pati. Kenako apatseni anthu atatu: Timesitheus, mlembi uja wa Aurelian, komanso mfumu Diocletian. Wotsirizayu atangolowa ufumu mu 284 anapha Aper, mkulu wa olondera mfumu, pamaso pa asilikali, koma anaonanso kuti lupanga lokha silikwanira. Pofika 293 olamulira anali anayi, aliyense pafupi ndi malire ake, ndipo mu 305 iye anatula pansi udindo ali moyo n'kukakhala kunyumba yake ku Split.